Nyimbo za Mafumu Zifika pa Chigafa

Ku Italy kudabadwa mtundu wa sewero wotchedwa opera, m'mene nkhani yonse imakambidwa moimba, zing'wenyeng'wenye zikulira. Poyamba masewerowa adali a mafumu. M'chaka cha 1607, Claudio Monteverdi adaonetsa L'Orfeo kunyumba yachifumu ya ku Mantua pamaso pa oitanidwa okha. Mu 1637 ku Venice adatsegula nyumba yoti aliyense alowe polipira, komabe mlimi wakumudzi sadapondeko.

Chimene chidagumula mpanda umenewu ndi wailesi. Mu 1910 mawu a woimba Enrico Caruso adaulutsidwa kuchokera ku New York. Pa 12 February 1931, Papa Pius XI adatsekula Wailesi ya Vatican, yomangidwa ndi Guglielmo Marconi, kusonyeza kuti Eklezia walandira chida chatsopanochi. Kuno kwathu, mu 1949 kudafika kawailesi ka mapaundi 5 kooneka ngati sefuliya, ndipo makolo athu adayamba kumva nkhani, maphunziro ndi nyimbo za Alick Nkhata kuchokera ku Lusaka. MBC idatsatira mu 1964. Kuyambira pamenepo, nzeru zidayamba kufika ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga.

Nanga nyimbo za ku Italy zitikhudza bwanji ife a ku Kasungu, amene manja athu ada ndi fodya? Taganizani za Giuseppe Verdi. Atangoika m'manda ana ake awiri ndi mkazi wake, adapeka Nabucco, imene idaimbidwa ku Milan mu 1842. M'menemo Ayuda ali pa ukapolo ku Babiloni, akulirira dziko lao monga m'Salmo 137. Tenanti amene adasiya kwao ku Mulanje, nadya ngongole chaka chonse pa esiteti, safuna womasulira kuti amve kulira kotere. Chisoni chake Mulungu adachimva kale, ndipo adachipatsa malo m'Malembo Oyera.

Tsono makolo ndi akatekisiti, wailesi isakhale ya mpira ndi mitengo ya ku okushoni yokha. Pamene tikusoka fodya pa chigafa, titchere khutu ku nyimbo zabwino ndi nkhani zozama, monga za pa Radio Maria ndi Radio Alinafe, ndipo tikazikambirane ndi ana athu ndiponso ku mphakati. Mwana wa tenanti ali ndi nzeru zochokera kwa Mulungu monga mwana wa mfumu, ndipo kuzisiya ndi njala ndi mlandu umene tidzayankha.