Ulendo wa Do, Re, Mi Kuchokera ku Arezzo

Tikamva kwaya ya kuparishi ikuphunzira nyimbo yatsopano, wotsogolera akuloza timalembo d, r, m, f, s pabolodi, kawirikawiri sitidzifunsa kuti timalemboti tidachokera kuti. Mbiri yake njakale, pafupifupi zaka 1,000, ndipo ili ndi phunziro kwa ife tonse, oimba ndi omvera omwe.

Kalero m'Eklezia nyimbo zinkasungidwa pamtima. Mwana wofuna kukhala woimba ankamvera mphunzitsi wake nabwereza, tsiku ndi tsiku, kufikira zaka khumi. M'zaka za m'ma 1020, mmonke wa chipani cha Benedikito Woyera, dzina lake Guido, wa m'nyumba ya amonke ya Pomposa ku Italy, adayamba kulemba nyimbo pa mizere, kuti maso aziona pamene liwu likukwera ndi pamene likutsika. Amonke anzake sadakondwere naye, kotero adasamukira ku Arezzo, kumene Episkopi Tedald adampatsa ntchito yophunzitsa oimba. Kumeneko adatenga nyimbo ya Chilatini yolemekeza Yohane Mbatizi, imene mzere wake uliwonse umayamba pamwamba pang'ono kuposa wam'mbuyo, natapamo maphatikizo oyamba: ut, re, mi, fa, sol, la. Iye mwini adalemba kuti ndi njirayi woimba ankatha kuphunzira m'chaka chimodzi kapena ziwiri zokha. Mbiriyo itamveka ku Roma, Papa John XIX adamuitana cha m'ma 1028 kuti adzionere yekha.

Patapita zaka mazana, a ku Italy adasintha ut kukhala do, ndipo liwu lachisanu ndi chiwiri, si, lidaonjezedwa. Tsono m'zaka za m'ma 1800, mayi wina wa ku Norwich ku England, Sarah Glover, pofuna kuti ana a Sande sukulu aziimba bwino m'tchalitchi, adakonza njira yolemba nyimbo ndi zilembo zokhazokha, popanda mizere. Adasintha si kukhala te, kuti liwu lililonse liziyamba ndi chilembo chakechake. Kuyambira mu 1841, mbusa John Curwen adaitenga njirayi, naikonzanso, naifalitsa. Imeneyi ndiyo tonic sol-fa. Ubwino wake unali wakuti wosindikiza aliyense ankatha kuisindikiza pamtengo wotsika, ndipo munthu wopanda limba ankatha kuiwerenga.

Amishoni a ku Britain adadza nayo ku Africa. Pasukulu ya Lovedale ku South Africa, John Knox Bokwe adasindikiza nyimbo m'zilembozi mu 1885. Mu 1897 mphunzitsi Enoch Sontonga adalemba Nkosi Sikelel' iAfrika m'njira yomweyo, ndipo maimbidwe ake ndi amene anzathu a ku Zambia amaimbira nyimbo ya fuko lawo. Kwathu kuno idafika ndi amishoni a ku Scotland, ndipo m'kupita kwa nthawi makwaya a mipingo yosiyanasiyana adaiphunzira. Motero chimene chidayamba m'manja mwa mmonke wa Katolika chidadzera kwa abale athu a mipingo ina, nichibwereranso kwa ife.

Tikasanthula mbiriyi tipeza kuti anthu onsewa anali ndi cholinga chimodzi. Guido ankachepetsera ana mtolo wa zaka khumi. Glover ndi Curwen ankafuna kuti mwana wa mmphawi aziimba. Luso limene linali la anthu owerengeka adaligawira khamu. Ndi mtima womwewo Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chake cha za chipembedzo cha pa 4 December 1963, udalamula kuti makwaya alimbikitsidwe, koma kutinso mpingo wonse wosonkhana uzitengako mbali poimba.

Apa ndi pamene tiyenera kudzifunsa. Alipo makwaya amene amasintha nyimbo Lamulungu lililonse, kotero kuti agogo akhala chete, ana angoyang'ana, ndipo Misa isanduka chionetsero. Alipo atsogoleri amene amabisa luso lowerenga manotsi poopa kuti achinyamata angawalande mpando. Iwo akachoka, kwaya imafa. Akatero atembenuza mphatso ya Guido chadodolido, pakuti chida chotsekulira khomo achisandutsa mpiringidzo.

Inu otsogolera makwaya, phunzitsani mnyamata kapena mtsikana mmodzi chaka chino kuwerenga ndi kulemba manotsi. Lembani nyimbo zakale zimene akuluakulu a m'miphakati akali kuzisunga pamtima, iwo asanatisiye. Ndipo Misa isanayambe, patulani mphindi zisanu kuphunzitsa mpingo wonse poyankhira. Ife makolo titumize ana kukaphunzira, nafenso titsekule pakamwa. Kwaya yabwino imadziwika pamene a kumpando wam'mbuyo akuimba nayo.