Kupita ndi ziweto kuntchito

Kupita ndi ziweto kuntchito ndi mchitidwe umene olemba ntchito amalola antchito awo kubwera ndi nyama zoweta m'nyumba, makamaka agalu, kumalo ogwirira ntchito. Mchitidwewu ndi wofala m'maofesi ena ku United States ndi ku United Kingdom. Kawirikawiri si ufulu wa wantchito mwa lamulo, koma ndi mwayi umene kampani imapereka ndipo ikhoza kuuchotsa.

Mbiri

Kuyambira kale nyama zakhala zikupezeka m'malo a ntchito, koma zinkabwera kudzathandiza anthu: agalu kulondera ndi kuweta nkhosa, amphaka kugwira makoswe m'nkhokwe ndi m'sitima zapamadzi. Mwambowu ulipobe ku 10 Downing Street mumzinda wa London, kumene mphaka wotchedwa Larry wakhala akusungidwa kuyambira mu 2011. Chachilendo m'zaka zaposachedwapa n'chakuti chiweto chimabwera kudzangokhala pafupi ndi mwini wake.

Makampani a zamakono ndiwo anatchukitsa mchitidwewu m'zaka za m'ma 1990. Ku Amazon, mumzinda wa Seattle, galu wotchedwa Rufus ankabwera ku ofesi kampaniyo itangoyamba kumene, ndipo pambuyo pake nyumba ina ya kampaniyo inapatsidwa dzina lake. Google inalemba m'malamulo ake a khalidwe la antchito kuti imalandira agalu, koma siilimbikitsa kubwera ndi amphaka chifukwa sangakhale momasuka pakati pa agaluwo.

Mu 1999 bungwe la Pet Sitters International la ku North Carolina linakhazikitsa tsiku la Take Your Dog to Work Day. Tsikuli limachitika m'mwezi wa June, Lachisanu lotsatira Tsiku la Abambo, ndipo cholinga chake china ndi kulimbikitsa anthu kutenga agalu opanda eni kumalo owasungirako. Nkhaniyi inakulanso mliri wa COVID-19 utachepa, pamene anthu amene anazolowera kugwira ntchito kunyumba pamodzi ndi ziweto zawo anayamba kubwerera ku maofesi.

Ubwino wake

Mu 2012 Randolph Barker ndi anzake a ku Virginia Commonwealth University anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa kampani ya Replacements, Ltd. ku North Carolina, yogulitsa mbale ndi ziwiya zodyera. Antchito amene anali ndi agalu awo pafupi ananena kuti nkhawa yawo inkachepa tsiku likamapita, pamene amene anasiya agalu kunyumba ndi amene analibe agalu inkawonjezeka. Kafukufukuyu anakhudza antchito osakwana 100 a pa kampani imodzi yokha, choncho zotsatira zake sizingaimire malo onse a ntchito.

Olemba ntchito amatchulanso zifukwa zina. Mwini galu salipira munthu womusamalira masana ndipo sathamangira kunyumba. Kutuluka panja ndi galu kumapatsa wantchito mpata woyenda, ndipo anthu a m'nthambi zosiyana amayamba kulankhulana.

Mavuto

Vuto lalikulu limagwera anthu amene chiwetocho si chawo. Matupi a anthu ena sagwirizana ndi zinthu zopezeka m'malovu ndi pakhungu la agalu ndi amphaka. Zinthuzi zimakakamira pa mipando ndi pa makapeti ngakhale nyamayo itachoka, ndipo zimayambitsa kuyetsemula, kuyabwa m'maso kapena kubanika kwa odwala mphumu. Ena amaopa agalu, ndipo ena amawapewa chifukwa cha chipembedzo chawo. Wantchito wamba angavutike kudandaula ngati galuyo ndi wa abwana ake.

Palinso kulumidwa, kuuwa, utitiri, kutafuna mawaya a makompyuta ndi funso la amene ayenera kulipira munthu akavulala. Nayenso galu akhoza kusautsidwa ndi phokoso komanso anthu osawadziwa.

Malamulo

Ku United Kingdom, lamulo la Health and Safety at Work etc. Act la 1974 limapatsa olemba ntchito udindo woteteza thanzi la antchito onse. M'mayiko ambiri nyama siziloledwa m'malo okonzera chakudya chogulitsa. Agalu othandiza anthu olumala, monga otsogolera osaona, sawerengedwa ngati ziweto wamba: lamulo la Americans with Disabilities Act la 1990 ndi la Equality Act la 2010 ku Britain limafuna kuti olemba ntchito aganizire zosowa za eni ake.

Makampani olola ziweto amakhala ndi malamulo awoawo. Kawirikawiri amafuna umboni wa katemera, kuphatikizapo wa chiwewe m'mayiko amene matendawa amapezeka, kuti galu akhale wophunzitsidwa ndi womangidwa pa chingwe podutsa m'makonde, komanso kuti pakhale zipinda zimene nyama sizilowamo. Galu amene waluma kapena kuopseza munthu amaletsedwa kubweranso.