Msewu Umene Sunamangidwe ku Manhattan

Sabata ino tiyeni tipumire kaye ndakatulo, tikambe mbiri.

Munadzukako m'mawa n'kupeza pabwalo pomwe ana anu amasewerera mpira patsitsidwa mchenga ndi njerwa? Mukafunsa, amangoti mapepala anatuluka kale kukhonsolo. Funso loti kodi anthu okhala m'dera ali ndi mawu pa zomangidwa kwawoko si lathu lokha. Mzinda wa New York ku America unalimbana nalo kwa zaka zambiri, ndipo nkhani yake ndi yomwe ndakutengerani lero.

Tiyambire mu 1916. Chaka chimenecho New York inakhazikitsa malamulo ogawa malo a mumzinda wonse, aja Angerezi amati zoning: uku nyumba zogona, uku mashopu, uku mafakitale, komanso kutalika kwa nyumba kulekezere apa. Chimodzi mwa zomwe zinafulumizitsa malamulowa ndi chinyumba chotchedwa Equitable Building, cha nsanjika pafupifupi 40, chomwe chinatha mu 1915 n'kuphimbira dzuwa nyumba zoyandikana nacho. Malamulowo anali othandiza ndithu, koma ankalembedwa ndi akatswiri ndi eni chuma. Munthu wamba wochita lendi ankangomva zitatha.

Kenako kunabwera bambo wina dzina lake Robert Moses. Mkuluyu sanapambanepo chisankho chilichonse, koma nthawi ina anali ndi maudindo 12 pakamodzi, ndipo kwa zaka zoposa 40 misewu ikuluikulu, milatho ndi mapaki a mumzindawo zinkadutsa m'manja mwake. Akajambula mzere pamapu, nyumba zonse za pamzerepo zinali zogwa basi.

Anthu a ku East Tremont, m'chigawo cha Bronx, anaziona. Msewu wa Cross Bronx Expressway, womwe anayamba kuumanga mu 1948, unkayenera kudutsa pakati pa nyumba zawo. Amayi a kumeneko anasonkhana, n'kupempha kuti msewuwo aukhotetse pang'ono udutse m'mphepete mwa paki ya Crotona. Moses anakana. Mabanja oposa 1,500 anasamutsidwa pa kachigawo kameneko kokha. Anthuwa sanagone ayi, analimbana, koma anali anthu opeza movutikira, ndipo pomwe ankamva za nkhaniyi mzere unali utajambulidwa kale. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye mvetserani zomwe zinachitika ku Greenwich Village, dera lina la ku Manhattan. Moses ankafuna msewu wa magalimoto udule pakati pa paki ya Washington Square. Mu 1952 mayi wina wa ana anayi, Shirley Hayes, anayamba kusonkhanitsa anzake omwe ankaseweretsa ana awo m'pakimo. Poyamba ena ankati bola tipemphe kamsewu kakang'ono. Koma mayi Hayes ndi gulu lawo anati ayi, m'pakimo musamadutsenso galimoto ngakhale imodzi. Anatolera masiginecha, anakopa atolankhani, anapeza anthu otchuka ngati Eleanor Roosevelt kukhala mbali yawo, ndipo anapanikiza andale omwe ankafuna mavoti a m'deralo. Mu 1958 pakiyo inatsekedwa kwa magalimoto mongoyeserera, ndipo mpaka lero mumangoyenda anthu apansi.

M'gulu limenelo munalinso mtolankhani wina, Jane Jacobs. Analibe digiri ya zomangamanga, chomwe anali nacho ndi maso ndi cholembera. Mu 1961 anatulutsa buku lotchedwa The Death and Life of Great American Cities, lomwe mfundo yake ndi yoti dera lamoyo ndi lija losakaniza nyumba, timashopu ndi anthu oyenda pansi usana ndi madzulo. Chaka chomwecho akuluakulu a mzinda analengeza kuti mbali ina ya West Village, komwe mayiyu ankakhala, ndi malo ofunika kuwakonzanso, ndipo aliyense ankadziwa kuti kukonzako kumatanthauza kugumula. Anthu a m'deralo sanangokuwa. Anayenda khomo ndi khomo kulemba mmene nyumba zinalili, n'kuonetsa ndi umboni kuti kwawoko sikunali kowonongeka monga ankanenera. Chinalinso chaka cha chisankho cha meya, ndipo meya Robert Wagner anaona komwe mphepo ikulowera. Pofika kumayambiriro kwa 1962 ganizolo linafafanizidwa.

Nkhondo yaikulu inali ya Lower Manhattan Expressway, msewu wa mizere 10 womwe ukanadutsa ku SoHo ndi ku Little Italy n'kusamutsa mabanja pafupifupi 2,000 ndi mabizinesi pafupifupi 800. Unakanidwa mu December 1962, koma unkangodzukanso ngati chiputu chophukira. Mu April 1968 boma linaitanitsa msonkhano woti limve maganizo a anthu. Anthu anazindikira kuti msonkhanowo unali wongokwaniritsa mwambo. Mayi Jacobs anakwera kutsogolo pamodzi ndi ena, ndipo m'chipwirikiticho mapepala a wolemba zokambirana anawonongeka. Apolisi anawamanga. Chaka chomwecho anasamukira ku Toronto, koma moto unali utakolera kale: mu 1969 meya John Lindsay anathetsa ntchito ya msewuwo.

Apa ndi pomwe ndikufuna mugwire. Kupambana kwa pamsewu kumatha ngati sikunalowe m'lamulo. Mu 1975 anthu a ku New York anavotera kusintha malamulo oyendetsera mzindawo, ndipo kunabadwa ndondomeko yotchedwa ULURP. Munthu kapena boma likafuna kusintha malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo, nkhaniyo imayamba yapita ku komiti ya anthu a m'deralo. Makomiti oterewa alipo 59, iliyonse ili ndi mamembala osapitirira 50 osalipidwa, ndipo amapatsidwa masiku 60 oti aitanitse msonkhano n'kupereka maganizo awo. Mawu awo ndi uphungu chabe, chigamulo chili ndi akuluakulu a mzinda. Komabe kusintha kwakukulu sikungadutsenso mwakachetechete ngati kale.

Koma musaganize kuti nkhaniyi inangotha mokoma. SoHo itapulumuka, malamulo anasinthidwa mu 1971 kuti akatswiri a zojambula azikhala mololedwa m'nyumba zakale za mafakitale, ndipo mu 1973 deralo linatetezedwa ngati malo a mbiri. Pang'onopang'ono mitengo ya nyumba inakwera mpaka osauka ambiri sangakwanitsenso kukhalako. Mu 2021 mzinda utafuna kusintha malamulo kuti ku SoHo kumangidwe nyumba zambiri, zina zotsikirapo mtengo, komiti ya m'deralo inakana, koma khonsolo inavomereza. Mwaonatu, chida chomwe chinateteza anthu kwa Moses chikhozanso kutsekera kunja munthu wosowa pokhala. Wobwera kumsonkhano kawirikawiri ndi mwini nyumba yemwe ali ndi nthawi, pomwe walendi ali kuntchito.

Mukayerekeza East Tremont ndi Greenwich Village, kusiyana sikunali pa kulimba mtima. A ku Village ankamva nkhani mapulani asanasainidwe, ankabwera ndi umboni wolembedwa, anali ndi anzawo m'manyuzipepala, ndipo ankadziwa nthawi yomwe andale amafuna mavoti. Zina mwa izi zimafuna ndalama, koma kufunsa msanga ndi kulemba umboni sikulira tambala.

Ndiye inu amene muli ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi kapena ku Chikanda, kodi mukudziwa zomwe pulani ya mzinda wanu imanena za bwalo lija lili kuseri kwa nyumba yanu? Khansala wanu munamufunsapo? Ndipo tsiku lomwe kudzaitanidwe msonkhano, mudzakumbuke kuuzako mnzanu wa lendi uja kuti nayenso adzabwere.