Mphakati: mpingo wa pakati pa anthu ku Mitundu ndi Nathenje

Mphakati ndi kagulu ka mabanja a Chikatolika okhala moyandikana, amene amasonkhana pakhomo pa mmodzi wa iwo kuti apemphere, amve Mawu a Mulungu ndi kuthandizana pa zosowa za tsiku ndi tsiku. Dzinali limakumbutsa mawu oti pakati, chifukwa uwu ndi mpingo umene uli pakati pa anthu, m'mudzi kapena m'lokeshoni momwe iwo akukhala. M'madera ena a kummwera kwa dziko lino kagulu kotere kamatchedwa limana. Mu arkidayosizi ya Lilongwe, komwe dongosololi lidazika mizu zaka za m'ma 1970, mphakati ndiwo maziko a parishi iliyonse, ndipo ndi momwe chiphunzitso cha chikondi chimayesedwera ngati chili chenicheni.

Dera la Mitundu ndi Nathenje

Mitundu ndi Nathenje ndi malo a malonda a kummwera kwa mzinda wa Lilongwe. Ku Mitundu munthu amafikako podzera msewu wa ku Bunda, pomwe Nathenje ali pamsewu wa M1 wopita ku Dedza. Anthu ambiri kumeneko ndi Achewa, alimi a chimanga, fodya, mtedza, soya ndi mbatata. Akatolika a kufupi ndi Mitundu amasamalidwa ndi parishi ya Mlale, komwe kulinso chipatala cha mishoni ndi seminale yaing'ono ya Paulo Woyera. Ku Nathenje nakonso kuli parishi. Chakum'mawa, munthu akapatukira pa Kamphata, kuli Nkhoma, likulu la sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP.

Parishi ya kumudzi ngati zimenezi imakhala ndi matchalitchi a nthambi ambiri, otalikirana, pomwe ansembe ndi ochepa. Kunthambi zambiri wansembe safika Lamulungu lililonse, makamaka nthawi ya dzinja misewu ikaterera. Funso limene mphakati udabwera kudzayankha ndi lakuti: kodi wansembe akakhala kutali, mpingo umakhala kuti, nanga ntchito yake amagwira ndani?

Chiphunzitso chimene mphakati waimapo

Akhristu a mipingo yonse amavomereza kuti lamulo lalikulu ndi kukonda Mulungu ndi kukonda mnansi. M'mutu 13 wa Uthenga Wabwino wa Yohane, Yesu akuika kukondana ngati chizindikiro chimene anthu adzadziwire ophunzira ake. Fanizo la Msamariya wachifundo, m'mutu 10 wa Luka, limasintha funso la munthu wofuna kudziwa malire a anthu oyenera kuwakonda: nkhani imasanduka yoti iye mwini akhale mnansi wa aliyense amene wamupeza pamavuto. Kalata ya Yakobe imatsindika kuti chikhulupiriro chimene sichibala ntchito chilibe moyo, ndipo mutu 25 wa Mateyu umaonetsa chiweruzo chotsiriza chikutengera zimene munthu adachitira anjala, odwala, alendo ndi akaidi.

Chikondi chimenechi sichitanthauza kusangalala ndi munthu chabe. Ndi kufunira mnzako zabwino ndi kuchitapo kanthu, ngakhale pamene iye alibe chobwezera. Papa Benedikito wa 16, m'kalata yake yoyamba yotchedwa Deus Caritas Est ya m'chaka cha 2005, adafotokoza kuti mpingo uli ndi ntchito zitatu zosalekanitsika: kulalika Mawu a Mulungu, kuchita masakramenti ndi kutumikira anthu mwachikondi. Malinga ndi kalatayo, kuthandiza osauka si ntchito yapadera imene mpingo ungasiyire mabungwe ena, koma ndi mbali ya chikhalidwe chake.

Chitsanzo chimene miphakati imayang'anako ndi cha Akhristu oyamba a ku Yerusalemu, monga akufotokozedwera m'mutu 2 ndi mutu 4 wa Ntchito za Atumwi, buku limene mu Buku Lopatulika limatchedwa Machitidwe a Atumwi. Iwo ankasonkhana m'nyumba zawo, kudyera pamodzi ndi kugawana chuma malinga ndi kusowa kwa aliyense. M'tchalitchi cha anthu mazana ambiri n'kosavuta kupemphera pafupi ndi munthu wanjala osadziwa. M'kagulu ka makomo oyandikana, aliyense amadziwa nyumba imene sikudafuke utsi.

Chiyambi chake

Ansembe a chipani cha White Fathers adafika m'chigawo chapakati m'chaka cha 1902, ndipo adatsegula mishoni za Mua, Likuni ndi Kachebere. Kwa zaka zambiri mpingo unkayenda motsamira mishoni, sukulu ndi aphunzitsi a katekisimu. Mkhristu wamba ankaona mpingo ngati wa azibambo a kumishoni, iye n'kukhala wongolandira.

Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa kuti mpingo ndi mbumba yonse ya Mulungu, ndipo aliyense wobatizidwa ali ndi gawo pa ntchito yake. Amene adatengera chiphunzitsochi kumidzi ya Lilongwe ndi Ambuye Patrick Kalilombe, mbadwa ya ku Mua m'boma la Dedza, amene adabadwa mu 1933 ndipo adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 iwo adayendetsa sinodi yaing'ono ya dayosizi, momwe zokambirana zinkayambira kwa Akhristu a m'midzi n'kumakwera mpaka kudayosizi. Mutu wake unkadziwika kuti Mpingo Ndife Tonse. Cholinga chidali mpingo wodzitumikira, wodzifalitsa ndi wodzidalira, ndipo njira yofikira pamenepo idali miphakati.

Maganizo amenewa sadathere m'Malawi. Bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa la AMECEA lidakambirana za timagulu totere ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 lidagwirizana kuti kumanga miphakati kukhale ntchito yoyamba m'madayosizi ake onse. Mu 1979 maepiskopiwo adakumana ku Zomba kuti aunike momwe ntchitoyo inkayendera. Pambuyo pa sinodi ya maepiskopi a mu Africa ya mu 1994, Papa Yohane Paulo wachiwiri adatsimikiza chithunzi cha mpingo ngati banja la Mulungu m'kalata ya Ecclesia in Africa ya mu 1995, imene idatchulanso timagulu tating'ono ngati malo omwe ubalewo umaonekera.

Mtengo umene udalipidwa

Miphakati idabadwa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr Hastings Kamuzu Banda, pomwe msonkhano uliwonse wa m'mudzi wosadzera kuchipani unkakayikiridwa. Timagulu ta anthu okumana m'nyumba, osankha okha atsogoleri ndi kukambirana za moyo wawo, tidaoneka ngati chiopsezo. Kuyambira 1976 Ambuye Kalilombe sadathenso kutumikira momasuka mudayosizi yawo, ndipo mu 1979 adatula pansi udindo. Adakhala zaka zambiri kunja, akuphunzira ku Berkeley m'dziko la America ndi kuphunzitsa ku Birmingham m'dziko la Britain. Atabwerera kumudzi adaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, ndipo adamwalira mu 2012. Miphakati idatsala, n'kufalikira m'madayosizi onse.

Pa 8 Marichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, yonena za kukhala moyo m'chikhulupiriro chathu. Kalatayo idadzudzula kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mitengo yotsika ya mbewu za alimi, kuperewera kwa zipatala ndi sukulu, komanso kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Boma lidati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsinyo John Roche a ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Komabe pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ulamuliro wa zipani zambiri. Phunziro limene lidatsala ndi lakuti chikondi cha Chikhristu chimakhudzanso chilungamo: kupatsa mlimi wanjala ufa kumayendera pamodzi ndi kufunsa chifukwa chake mbewu zake zikugulidwa motchipa.

Momwe mphakati umayendera

Mphakati uliwonse umatchedwa dzina la woyera mtima, ndipo umasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Misonkhano imazungulira m'makomo, kotero kuti wolemera ndi wosauka yemwe amalandira alendo pabwalo pake. Anthu amaimba, kupemphera, kuwerenga Uthenga Wabwino ndi kugawana zimene aliyense wamva. Kenaka amatembenukira ku nkhani za pamudzi: ndani wadwala, ndani waferedwa, ndi banja liti limene lasokonekera, ndi mwana uti amene wasiya sukulu.

Miphakati ingapo imapanga tchalitchi cha nthambi, ndipo nthambi zingapo zimapanga parishi. Kholo lofuna kubatizitsa mwana, kapena achinyamata ofuna kudalitsa ukwati, amayamba adzera kumphakati, chifukwa anansi ndiwo amadziwa makhalidwe a munthu. Mtulo, chachikhumi ndi zopereka za masika zimasonkhanitsidwanso kudzera mmenemo. Miphakati imasinthana ntchito zosesa tchalitchi, kutsogolera mapemphero ndi kupereka chakudya kunyumba ya ansembe.

Ntchito ya chikondi imaoneka kwambiri pamatenda ndi pamaliro. M'midzi ya ku Mitundu ndi Nathenje, monga m'midzi ina ya Achewa, maliro ndi a mudzi wonse. Amayi a mumphakati amabwera ndi ufa, nkhuni ndi madzi, amagona pasiwa ndi kuimba usiku wonse, pomwe abambo amathandiza za bokosi. Zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala za boma, ntchito yaikulu yosamalira odwala m'makomo ndi ana amasiye inkagwiridwa ndi anthu odzipereka ochokera m'magulu a mipingo otere. Mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, kumapezekanso ntchito yolimira nkhalamba, kufolera nyumba ya mayi wamasiye, kapena kusonkherana ya thiransipoti yopititsira wodwala ku Mlale, ku Mitundu kapena ku Nkhoma.

Derali ndi kwawo kwa gule wamkulu, ndipo m'mbiri mudakhala mikangano pakati pa amishoni ndi eni madambwe. Lero m'banja limodzi mumapezeka Mkatolika, wa CCAP, wa mpingo wa Pentekosite ndi wa kudambwe. Chifukwa cha ichi, funso la Msamariya limakhala la tsiku ndi tsiku: mphakati umene umangothandiza okhawo olembedwa m'kaundula wake umakhala utaphonya chiphunzitso chimene udaimapo.

Njira yofanana ku CCAP

Si Akatolika okha amene adaona kufunika kwa mpingo wa pakhomo. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 adatsegula Nkhoma. Mpingo wawo udalowa mu CCAP mu 1926. Kuyambira pachiyambi unkadalira akulu a mpingo, atumiki ndi aphunzitsi a m'midzi. Mkulu wa mpingo amayang'anira dera lake, amayendera mabanja ndi kutsogolera mapemphero a m'milaga. Amayi a Chigwirizano, gulu limene lidayamba mu 1940, amadziwika ndi kuyendera odwala, kutonthoza oferedwa ndi kulangiza atsikana. Chipatala cha Nkhoma, chimene chidayamba mu 1915, pamodzi ndi cha Mlale zili m'bungwe la zipatala za mipingo la CHAM.

Malinga ndi kalembera wa mu 2018, Akatolika adali 17.2 peresenti ya Amalawi, ndipo a CCAP adali 14.2 peresenti. Ndiye kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu aliwonse ndi wa mipingo iwiriyi, imene imafika pakhomo pa munthu kudzera mumphakati kapena mumlaga.

Zovuta za lero

Atsogoleri a mpingo amatchula kawirikawiri zofooka zitatu. Choyamba, pamisonkhano pamachuluka amayi, pomwe abambo ndi achinyamata amaoneka mwa apo ndi apo. Chachiwiri, m'malo ena mphakati wasanduka njira yotolerera ndalama, moti nthawi ya zilengezo ndi zopereka imaposa ya Mawu a Mulungu, ndipo wosauka amene sadakwanitse chopereka amachita manyazi kubwera. Chachitatu, udindo wochitira umboni anthu ofuna masakramenti kapena mwambo wa maliro ungagwiritsidwe ntchito ngati chikwapu, m'malo mokhala njira yobwezera wosochera.

Kutauni kulinso vuto lake. Anthu a ku Area 23, Kawale kapena Area 47 amasamukasamuka, amaweruka mochedwa, ndipo ambiri amakhala kuseri kwa mipanda. Mauthenga a mphakati tsopano amayenda pa WhatsApp, ndipo chipepeso chimatumizidwa pafoni. Zimenezi zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa kukhala pamphasa ndi wodwala.

Anthu ambiri okhala mumzinda wa Lilongwe ali ndi makolo kapena agogo kumidzi ya ku Mitundu, Nathenje ndi madera ozungulira. Kawirikawiri amene amayamba kuona kuti gogo sadatuluke m'nyumba, n'kumuphikira phala ana ake a kutauni asanamve, ndi anansi a mumphakati kapena mumlaga. Zimene sinodi ya Lilongwe idafuna zaka 50 zapitazo zinali zomwezi: kuti ntchito ya mpingo isadikire wansembe kapena mbusa, koma igwiridwe ndi obatizidwa onse pamalo pomwe akukhala.