Peugeot 504 ndi Toyota Corolla: Yolimba ndi Iti?

Anzanga acinyamata, funsani atate anu kapena amalume za galimoto imene anali kuikhumbira pa unyamata wao. Ambiri adzachula Peugeot 504, ndipo adzaonjeza kuti galimoto za masiku ano ndi zitini cabe. Kodi akunena zoona?

Peugeot 504 inatuluka ku France mu 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya caka ku Ulaya. Koma mbiri yake inamveka kwambiri kuno ku Africa. Inali yokwera pansi pake, yofewa pa mabampu, ndipo inali kusenza anthu, matumba a cimanga ndi nkhuku zomwe popanda kudandaula. Mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden anapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya. Ku France analeka kupanga ya saluni mu 1983, koma ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 2004, ndipo ku Nigeria mpaka 2006.

Cimene akulu amaikondera kwenikweni ndi ici: inali kumvera sipanala. Ikazima pa msewu wa ku Chipata, dalaivala anali kutsegula boneti, kupukuta mapulagi, kuuzira kabyuleta, basi ulendo upitirira. Mnyamata wa maso akuthwa anali kuphunzira injini yonse pansi pa mtengo wa mango, pongopatsira amalume ake zitsulo.

Toyota Corolla nayo si mwana. Inayamba ku Japan mu 1966, 504 isanabadwe, ndipo pofika 2021 zogulitsidwa zinali zitapitirira 50 miliyoni. Kusiyana kwake ndi kwakuti 504 inakalamba monga momwe inabadwira, pamene Corolla yakhala ikusinthidwa mpaka mbadwo wa nambala 12 umene unatuluka mu 2018. (Andersson uja pambuyo pake anatsogolera gulu la mpikisano la Toyota, limene linapambana Safari mu 1984, 1985 ndi 1986. Akulu sakonda kukumbutsidwa zimenezi.)

Tsopano za citini cija. Ndi zoona kuti Corolla yatsopano ikagunda cinthu kutsogolo kwake kumaphwanyika msanga, koma anaipanga dala motero. Citsulo cikamapindika cimamwa mphamvu ya kugundako, kuti cipinda mokhala anthu citsale cilibe kupsinjika. Onjezani lamba, ma airbag ndi mabuleki a ABS amene amaletsa mawilo kuuma pamene mwaponda mwadzidzidzi. Ma airbag ndi ABS munalibe mu 504. Ine ndimaikonda 504, koma pa ngozi ndingasankhe kukhala m'citini.

Pamene akulu akhoza ndi pa kukonza. Corolla ya lero imayendetsedwa ndi kompyuta imene imayesa petulo ndi mpweya, ndipo zina ndi za hybrid, zokhala ndi batire ya magetsi amphamvu oti angaphe munthu wogwira mosadziwa. Kanyali kakayaka kutsogolo kwa dalaivala, makanika amayamba walumikiza makina owerenga vuto asanagwire sipanala. Ena a inu m'magulu athu mufuna nchito ya umakanika. Amalume adzakuphunzitsani mabuleki, masipuling'i ndi kumvetsera kulira kwa injini, ndipo zimenezo zikali zofunika pa misewu yathu. Za mawaya ndi kompyuta mudzakazifuna ku sukulu ya nchito zamanja, cifukwa pansi pa mango paja sizinafikepo.