Kuchokera ku Ndende ya Zomba Kufika kwa Kabudula

M'chaka cha 1910 Atsamunda adayamba kusunga odwala misala pa ndende ya Zomba, ndipo owayang'anira adali alonda a akaidi. Chipatala chawochawo chidatsegulidwa mu 1953. Kwa Kabudula, kutali ndi Zomba, munthu wosweka mtima ankapita kwa ankhoswe, anamkungwi kapena sing'anga. Uphungu wophunzira m'kalasi udachedwa: a St John of God adafika ku Mzuzu mu 1993, pambuyo pake nkutsegula koleji yosula aphungu. Tsono mabuku ake ndi a Chingerezi, inu anzanga. Mayi wa kwa Kabudula akati "mtima ukundiwawa," phungu wa digiri ayenera kuzindikira yekha ngati mayiyo akunena za nthenda ya m'chifuwa kapena za mwana amene adamuika m'manda mwezi watha.