VistA: pulogalamu yosunga mbiri ya odwala m'zipatala za asilikali akale

VistA ndi dzina la pulogalamu ya kompyuta imene zipatala za asilikali akale m'dziko la America zimasungiramo mbiri ya odwala. Kuno kwathu asilikali akale timawatcha antigos combatentes: amene anamenya nkhondo ya ufulu kuyambira 1964 mpaka 1974, ndi amene anamenya nkhondo ya zaka 16 yomwe inatha pa 4 Okutobala 1992. Anthu otere amakalamba ndi mabala akale, ena zidutswa za zipolopolo zikadali m'thupi. Dokotala amene sakudziwa mbiri yawo amayamba kufunsa zonse pachiyambi, ndipo wodwala akaiwala dzina la mankhwala amene anamuwenga kale, pangachitike ngozi.

Mawu akuti "mbiri ya wodwala" akutanthauza zonse zimene chipatala chimalemba za munthu mmodzi: matenda amene anamupeza nawo, zotsatira za kuyeza magazi, mankhwala amene analandira ndi tsiku lobwerera. Ndi zomwezija zimene namwino amalemba pa kadi kapena m'kabuku ka kuchipatala, kungoti zikakhala mu kompyuta sizinyowa ndi mvula kapena kudyedwa ndi chiswe, ndipo chipatala china chingathe kuziona.

Mizu ya VistA ili pa chipatala cha Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston. Kumeneko mu 1966 akatswiri anayamba kukonza chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa MUMPS. Dzinali n'loseketsa pang'ono chifukwa m'Chingerezi ndi dzinanso la matenda a matsagwidi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu ena ogwira ntchito m'zipatala za asilikali akale anayamba kulemba mapulogalamu awoawo m'chiyankhulo chimenechi, wina wa kolandirira mankhwala, wina wa koyezera magazi, wina wolembera odwala. Akuluakulu a ku likulu sanakondwe nazo, moti kwa kanthawi ntchitoyi inkachitika mobisa. Koma madokotala anaikonda chifukwa olemba ake ankakhala nawo pafupi n'kumaona vuto lenileni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 boma linaivomereza pansi pa dzina lakuti DHCP. Dzina la VistA linabwera m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1997 anawonjezerapo gawo lotchedwa CPRS, limene limaonetsa dokotala mbiri yonse ya wodwala pamalo amodzi.

Phindu lake linaonekera poyera mu Ogasiti 2005, pamene namondwe wa Katrina anamiza mzinda wa New Orleans. Mapepala a m'zipatala zambiri anaonongeka, koma mbiri ya asilikali akale inasamutsidwira ku Houston, ndipo amene anathawira kumadera ena anapitiriza kulandira mankhwala awo. Amene mukukumbukira madzi a namondwe Ana m'chigawo chino cha Tete mu Januwale 2022 mukudziwa mmene pepala limathera msanga. Popeza VistA inalembedwa ndi ndalama za boma, aliyense ali ndi ufulu woitenga kwaulere, ndipo dziko la Jordan linamangirapo pulogalamu yake ya Hakeem.

Komabe pulogalamuyi inakalamba. Chipatala chilichonse chinkaisintha mmene chafunira, mpaka panakhala mitundu yake pafupifupi 130. Mu 2018 boma la America linasainirana mgwirizano ndi kampani ya Cerner kuti ibweretse ina yatsopano. Inayamba kugwira ntchito ku Spokane mu Okutobala 2020, koma sizinayende bwino. Ofufuza a boma anapeza kuti malangizo a madokotala oposa 11,000 sanafike kumene ankatumizidwa, ndipo odwala ena anavutika nazo. Mu Epulo 2023 ntchito yofalitsa pulogalamu yatsopanoyo inaimitsidwa kaye, zipatala zambiri n'kutsalabe pa VistA.

Kuno ku Mozambique nkhani yake ndi yosiyana. Lamulo 16/2011 ndi limene limafotokoza maufulu a asilikali akale, kuphatikizapo chithandizo cha kuchipatala, koma msilikali wakale wa ku Ntengo wa Mbalame kapena ku Furancungo amaima pamzere umodzi ndi alimi anzake pa chipatala cha aliyense. Mayina amene mungamve kwa ogwira ntchito zaumoyo ndi ena. SIS-MA ndi pulogalamu ya Unduna wa Zaumoyo, yomangidwa pa DHIS2 ya ku yunivesite ya Oslo. Iyi siisunga mbiri ya munthu payekha, imangosonkhanitsa ziwerengero, monga kuchuluka kwa odwala malungo kapena amayi amene achira pa mwezi. Yosunga mbiri ya munthu mmodzimmodzi imapezeka makamaka kwa amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo chimene chimalumikiza munthu ndi mbiri yake ndi nambala yotchedwa NID yolembedwa pa kadi lake.

Kutsidya kwa malire, ku Malawi, bungwe la Baobab Health linayamba mu 2001 kuika makompyuta ongodina ndi chala pa chipatala chachikulu cha mumzinda wa Lilongwe. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo limagwiritsa ntchito OpenMRS, pulogalamu yaulere imene inayambira ku Kenya ndipo yathandizanso m'zipatala zina za ku Mozambique. Ngakhale zili choncho, dziko lililonse limasunga mbiri ya odwala ake palokha. Munthu wa ku Biriwiri amene wadwalira ku Ntcheu atapita kukagulitsa mbatata ya kachewere, kompyuta ya kumeneko siimudziwa. Chimene dokotala angawerenge ndi kadi kapena kabuku kamene wodwalayo wanyamula m'thumba.